Odwala khunyu akusowa kufunsidwa bwino ndi mankhwala osaduka

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndinenepo zanga pa nkhani ya khunyu. Ndine kiliniko ofesala wopuma ntchito. Ndinagwira m'zipatala za boma ndi za mishoni m'chigawo chapakati, ndipo kwa zaka zambiri tsiku la odwala matenda a kugwa linkakhala langa, poti anzanga ankalizemba. Chaka chilichonse likafika Lolemba lachiwiri la February, tsiku limene mayiko amakumbukira matendawa, timamva akuluakulu akudandaula pawailesi kuti Malawi alibe makina okwanira ounikira ubongo, alibenso madokotala a ubongo okwanira. Sakunama ayi. Koma ine nyimbo imeneyi yanditopetsa chifukwa yasanduka pobisalira. Odwala khunyu amene ndinawaona akupsa ndi moto, akumira kumtsinje, akusiya sukulu, ena mpaka kutisiya, ambiri mwa iwo sanasowe makina. Anasowa munthu woti akhale nawo pansi n'kuwafunsa mofatsa, ndipo atayamba mankhwala, mankhwalawo anawadukira panjira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatinso mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atapezedwa bwino n'kupatsidwa mankhwala oyenera. Mankhwala ake si achilendo. Phenobarbitone, kapiritsi kakang'ono kaja ka 30 mg, anayamba kukagwiritsa ntchito pa khunyu ku Germany mu 1912, John Chilembwe adakali moyo ku Mbombwe, ndipo mpaka lero ndi amodzi mwa mankhwala otchipa kwambiri amene alipo. Ndiye munthu akamagwerabe pamoto masiku ano, tisamaloze chala makina okha.

Ndiyambe ndi kapezedwe ka matendawa. Dokotala saliona khunyu ndi maso ake. Wodwala akamafika pachipatala amakhala atatsitsimuka kale, akuyenda yekha, ndipo mwiniwakeyo sakumbukira kanthu. Amangodziwa kuti mutu ukuwawa, thupi laphwanya, lilime lili ndi bala. Nkhani yonse imakhala ndi uja anaona: mayi, mkazi, mphunzitsi, kapena mnzake wogona naye m'gowelo. N'chifukwa chake munthu akabwera yekha n'kunena kuti "adokotala, ine ndimagwa", ndinkamupima, kenako n'kumupempha kuti abwerenso ndi munthu amene anamuonapo akugwa. Ena ankanyinyirika poganizira ndalama ya minibasi, ndipo ndinkawamvetsa. Koma mankhwala amene munthu adzamwe kwa zaka sayambitsidwa mongoganizira.

Mafunso ake ndi ambiri ndipo sathamangidwa. Asanagwe ankatani? Anali ataima nthawi yaitali padzuwa, kapena zinamupeza ali chigonere usiku? Alipo chimene anamva chomuchenjeza, monga fungo lachilendo, mantha opanda chifukwa, kapena chinthu chokwera kuchokera m'mimba kudza pakhosi? Kugwedezeka kunayambira dzanja limodzi kapena mbali imodzi ya nkhope, kapena thupi lonse linauma nthawi imodzi? Maso anali otsegula? Khosi linapotokera kuti? Anadzikodzera? Zitatha anagona tulo tofa nato n'kudzuka wosokonezeka, kapena anadzuka pomwepo ali bwinobwino? Ndiyeno umamuuza kuti atulutse lilime. Bala la m'mbali mwa lilime limanena zambiri kuposa la kunsonga. Umayang'ananso manja, zigongono ndi mapazi, chifukwa zipsera za moto sizinama. Za chinthu chokwera kuchokera m'mimba chija, ndi chimene chimachititsa ambiri kukhulupirira kuti m'mimba muli kachirombo, n'kumamwa zosanzitsa ndi zotsegula m'mimba kwa asing'anga. Wodwalayo sanama, amachimvadi. Kungoti gwero lake lili mu ubongo, chigawo chimene chili chapafupi ndi khutu, ndipo kumva kumeneko ndi kugwa komweko kukuyamba.

Gogo wina anabwera ndi mdzukulu wake wazaka 9. Mafunso angawa ankawasokoneza, ankangoyankha kuti "amangogwa basi, mwana wanga". Ndinati, "Agogo, tandionetsani mmene amachitira." Anamasula chitenje cha m'chiuno n'kuchiyala pansi. Anakhala, maso gwa kukhoma, nayamba kutafuna ngati m'kamwa muli chakudya, dzanja limodzi likutolatola pa bulauzi ngati pali nyerere. Kenako anapotoza khosi pang'onopang'ono, n'kugwa chammbali, miyendo nga, ndiyeno kuphupha thupi lonse. Anamwino anaseka, agogowo nawonso anaseka podzuka. Koma m'mphindi imodzi imeneyo anali atandiuza kuti kugwa kwa mwanayu kumayambira malo amodzi mu ubongo kenako n'kufalikira, kutanthauza kuti mwina pamalopo pali chipsera, ndiponso kuti mankhwala otchedwa carbamazepine ndi amene angamuyenere. Nditafunsa za ubwana wake, ananena kuti ali ndi zaka 3 anagonekedwa masiku angapo ali chikomokere ndi malungo. Masiku ano zinaphweka chifukwa mafoni ojambula ali pafupifupi m'mudzi uliwonse. Wina aziteteza wodwala, wina ajambule, kanemayo akaonetse dokotala. Ndati dokotala, osati gulu la pa WhatsApp.

Kufunsa mofatsa kumapulumutsanso anthu amene alibe khunyu. Si aliyense wogwa ali nalo. Mtsikana woima pa asembule osadya kanthu amaona mdima, thukuta n'kutuluka, amagwa, mwina n'kugwedezeka kawiri katatu, koma akagonekedwa amatsitsimuka msanga. Kumeneko ndi kukomoka chabe. Wodwala shuga amene wabaya insulin osadya akhoza kuphupha ngati wakhunyu. Mwana wa pakati pa miyezi 6 ndi zaka 5 akhoza kuchita linjirinjiri thupi likatentha kwambiri, ndipo ambiri otere amakula osadwala khunyu. Mayi woyembekezera amene magazi akuthamanga kwambiri akaphupha, mankhwala ake ndi magnesium sulphate ndi kumuchiritsa msanga, osati kumulembetsa kukiliniki ya khunyu. Bambo wa kachasu wa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amathanso kugwa. Palinso kugwa kochokera ku nkhawa ndi zowawa za mumtima, kumene timakumva kawirikawiri m'sukulu zogonera za atsikana: maso amakhala otsinzina mwamphamvu, kugwedezeka kumatenga nthawi yaitali, kuleka n'kuyambiranso. Ana amenewa sakuchita dala, akuvutikadi, koma phenobarbitone sawathandiza. Lamulo limene tinaphunzira ndi lakuti timati khunyu munthu akagwa kawiri kapena kuposerapo, patadutsa maola oposa 24 pakati pake, popanda chomuyambitsa ngati malungo, shuga kapena mowa. Tikalemba mawu oti khunyu m'buku la kuchipatala la mtsikana amene anangokomoka ndi njala, tamuikira chizindikiro chimene chidzamutsata mpaka pa tsiku la chinkhoswe.

Mwana akabwera akuphupha thupi lili moto, nkhani imasintha. Pamenepo timaletsa kaye kuphuphako, kuyeza shuga, kuyeza malungo, ndipo tikakayikira matenda oumitsa khosi timapempha kutenga madzi a pamsana. Apa mpamene makolo ambiri amakana, amati jakisoni wa pamsana amapha. Chikhulupiriro chimenechi chinabwera chifukwa amene timawatenga madziwo amakhala odwala kwambiri kale, ena amamwaliradi, abale n'kuloza singano. Chimene chapha ndi matendawo, ndipo madzi ochepa aja ndi amene amatiuza mankhwala oyenera kupereka.

Mwina owerenga ena sadziwa kuti zambiri zimene dziko lapansi limadziwa za malungo a mu ubongo zinapezeka konkuno, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana imene madokotala amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri imatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo anaikonza ndi madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Komweko anapeza kuti kuyang'ana mkati mwa diso la mwana wokomoka kumasonyeza ngati alidi malungo amene amukomola. Mu 2008 kunabwera makina ounikira mkati mwa thupi a MRI, ndipo mu 2015 ofufuza anasindikiza zoti ana ambiri omwalira ndi malungowa amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza pamene pamalamula kupuma. Koma kafukufuku amene amandikhudza ine ndi wa mu 2010, wotsogozedwa ndi Gretchen Birbeck. Anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo, ndipo 12 mwa iwo anayamba khunyu, pamene mwa ana 264 amene anawayerekezera nawo panalibe ngakhale mmodzi. Mdzukulu wa agogo aja ndi mmodzi wa ana otere. Timawatulutsa m'wodi tikuomba m'manja kuti achira, osawauza makolo kuti patapita miyezi mwana angayambe kugwa, ndiye zikayamba banja limasaka amene wamulodza. Kugoneka mwana mu neti, kuthamangira kuchipatala tsiku loyamba la kutentha thupi, ndi katemera wa malungo amene Malawi anali dziko loyamba kuyamba kumupereka mu April 2019, zonsezi zimachepetsanso khunyu.

Zoyambitsa zina ndingozitchula mwachidule. Mwana wobanika pobadwa chifukwa mayi anachedwa kuchira. Matenda oumitsa khosi. Kuvulala m'mutu, ndipo apa ndikuganizira anyamata a kabaza wa njinga zamoto ndi okwera awo amene chipewa choteteza amachipachika pa handulo. Njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba: munthu akadya nyama yosapsa ya timatuza toyera amasunga njokayo m'matumbo, mazira ake amatuluka m'chimbudzi chake, ndipo wina akawameza kudzera m'manja, m'madzi kapena m'masamba osatsuka, timatuzato timakamera mu ubongo, ngakhale iyeyo sadya nkhumba. Kwa amene ali ndi HIV pali matenda angapo amene amalowa mu ubongo chitetezo chikatsika. Kwa achikulire pali sitiroko ndi zotupa. Ambiri ndithu chifukwa chake sichipezeka n'komwe, ndipo amachira bwinobwino ndi mankhwala.

Makina ali ndi malo ake, sindikukana. Munthu wamkulu amene sanagwepo n'kuyamba kugwa ali ndi zaka 40, amene mutu ukumuwawa mowonjezeka sabata ndi sabata, amene mbali imodzi yayamba kufooka, kapena amene mankhwala awiri operekedwa moyenera alephera, ameneyo ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu akaunikidwe. Koma amenewa ndi ochepa. Ndipo makina a EEG, oyeza mphamvu ya magetsi ya mu ubongo aja, si mulungu. Pafupifupi theka la anthu amene ali ndi khunyu lenileni, akawayeza koyamba zotsatira zimatuluka zabwinobwino, chifukwa panthawiyo ubongo uli phee. Ngakhale ku London dokotala wa ubongo amayamba ndi funso lomwe lija: ndani anaona?

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Chithandizo cha khunyu n'chosavuta kuchifotokoza. Mankhwala amtundu umodzi, kuyamba ndi mlingo wochepa, kukweza pang'onopang'ono mpaka kugwa kutaleka, kumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Munthu akatha zaka ziwiri osagwa, dokotala akhoza kukambirana naye zochepetsa, ndipo kuchepetsako kumatenga miyezi. Wodwala amauzidwa zoyembekezera: phenobarbitone amagonetsa masiku oyamba, n'chifukwa chake amamwedwa usiku, ndipo ana ena amawachititsa kusakhazikika, phenytoin amatupitsa nkhama, carbamazepine amatha kuchititsa chizungulire, ndipo akaona zotupa pakhungu, makamaka zilonda m'kamwa ndi m'maso, abwere tsiku lomwelo. Mtundu wa kugwa umasankha mankhwala. Mwana amene amangoti maso gwa kwa masekondi ochepa m'kalasi kangapo patsiku, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi, carbamazepine akhoza kumuwonjezera vuto, pamene sodium valproate amamuthandiza.

Koma tatsegulani buku la kuchipatala la wodwala khunyu wa kumudzi, muwerenge tsamba ndi tsamba. January: phenobarbitone. February: phenobarbitone. March: carbamazepine, chifukwa woyamba uja watha. April: zilembo ziwiri, O/S, kutanthauza kuti mulibe, ndipo pansi pake mawu oti akagule. May: palibe cholembedwa, wodwala sanabwere, poti anayenda makilomita 15 mwezi watha n'kubwerera chimanjamanja. June: wagonekedwa m'wodi atapsa mkono. Mabuku otere ndawagwira ambirimbiri, ena masamba atachita mawanga a utsi. Wakufamase amene amapereka carbamazepine m'malo mwa phenobarbitone amachita zimenezo ndi mtima wabwino, safuna munthu abwerere wopanda kanthu. Koma mankhwalawa salowana m'malo ngati panado ndi asipirini. Ubongo umene wazolowera phenobarbitone kwa chaka ukamudulidwa tsiku limodzi, zili ngati kuzula mphanda pansi pa nkhokwe yodzaza chimanga. Munthu amagwa kuposa mmene ankagwera asanayambe mankhwala, nthawi zina kuphupha kosalekeza, kumodzi kutsatana ndi kwina osatsitsimuka, ndipo kumeneko kumapha.

Panali mnyamata wina, telala, amene ndinamuyambitsa mankhwala akugwa kangapo pamwezi. Anasiya kugwa. Anagula makina akeake osokera, anakhazika pakhonde la golosale, anakwatira. Ankabwera tsiku lake osaphonya, buku atalikulunga m'jumbo kuti lisanyowe. Kenako mankhwala ake anasowa miyezi iwiri yotsatana. Mwezi woyamba anagula kufamase ya m'tauni. Wachiwiri inali nthawi ya njala, anthu sankasoketsa, ndalama inasowa, anayamba kudula mapiritsi pakati kuti afike patali, mpaka anatha. Anamubweretsa pangolo usiku ataphupha kuyambira madzulo. Anapulumuka, koma sanabwerere mwakale: dzanja linatsala lonjenjemera, mutu woiwalaiwala, ndipo makina aja anagulitsidwa. Apongozi ake anandiuza maso ndi maso kuti, "Mankhwala anu achizunguwa amangogoneka matenda, akadzuka amadzuka olusa." Kuwatsutsa kunali kovuta, chifukwa ndi zimene anaona ndi maso awo. Umo ndi mmene timatayira mudzi wonse. Anthu sathawira kwa asing'anga chifukwa cha umbuli wokha. Sing'anga mankhwala ake samuthera, ndipo amakhala nawe pansi ola lathunthu.

Chondipweteka n'chakuti njira yake tikuidziwa kale, tikuigwiritsa ntchito khomo loyandikana nalo. Pitani kukiliniki ya ma ARV. Wodwala aliyense ali ndi khadi, ali m'kaundula, chiwerengero chimadziwika mpaka kulikulu, ndipo mankhwala amaitanitsidwa potengera chiwerengerocho. Amene akuyenda bwino amapatsidwa a miyezi itatu ngakhale isanu ndi umodzi. Akaphonya tsiku, wina amamuimbira foni kapena kumulondola kumudzi. Ndikudziwa kuti kumeneko kuli ndalama za mabungwe akunja zimene khunyu lilibe. Koma kaundula ndi kope chabe, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene amayendera mudzi pa za katemera akhoza kufunsanso ngati uje akumwa mankhwala ake. Chipatala chikadziwa kuti chili ndi odwala khunyu angati ndipo aliyense amamwa chiyani, kuitanitsa sikukhala kolota. Ndikudziwanso kuti phenobarbitone ali m'gulu la mankhwala otetezedwa ndi pangano la mayiko la mu 1971, choncho kumulowetsa m'dziko kumafuna zikalata zambiri. Chimenecho ndi chifukwa choitanitsira msanga. Ndipo ngati kusowa sikungapeweke, odwala auzidwe mwezi usanafike, ndi kusinthidwa pang'onopang'ono ndi dokotala, osati pawindo la famase.

M'zipatala zathu zambiri khunyu linaponyedwa kwa anamwino a matenda a maganizo. Anthu amenewa ndimawavulira chipewa, ndi amene asenza odwalawa zaka zonsezi, nthawi zina pa njinga yamoto kupita kuzipatala zing'onozing'ono. Koma khunyu si misala. Mphunzitsi kapena wapolisi amene wagwa kawiri safuna kuonedwa atakhala pabenchi la khomo limenelo, amaopa kuti mawa lake adzamva zoti akumutumiza ku Zomba. Amabisa, mpaka tsiku limene adzagwere pagulu. Bwanji khunyu osalionera limodzi ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda ena okhalitsa amene anthu sachita nawo manyazi?

Za amayi ndiyenera kunenapo, chifukwa apa kufulumira kwathu kumawononga mwakachetechete. Sodium valproate ndi mankhwala amphamvu, koma mayi akatenga pathupi akuwamwa, pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka, ndipo enanso ambiri amadzavutika kuphunzira. Sayenera kuperekedwa mwachisawawa kwa mtsikana kapena mayi amene angathe kubereka. Komanso carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono amachepa mphamvu, mayi n'kutenga pathupi akudabwa. Jakisoni ndi lupu ndi zimene zimadalirika pamenepa. Chimodzimodzi ma ARV okhala ndi dolutegravir amene ambiri akumwa kuyambira 2019: mankhwala a khunyu atatu aja amawatsitsa m'magazi, choncho mlingo umafunika kuuonanso. Wodwala amatenga mankhwala makomo awiri, ndipo makomo awiriwo salankhulana. Funso lakuti "mukumwanso mankhwala ena ati?" silitenga mphindi. Mayi amene wazindikira kuti ali ndi pathupi asataye mapiritsi ake mwa mantha, chifukwa kugwa kungavulaze iye ndi mwana yemwe. Abwere akambirane ndi dokotala, amwe folic acid, achirire kuchipatala, ndipo kuyamwitsa ayamwitse. Mu 2023 WHO inaika mankhwala ena a khunyu otchedwa levetiracetam pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, ndipo amenewa sakangana ndi ma ARV kapena zolera, komanso ndi abwinopo kwa amayi. Akuyenera kufika m'zipatala za m'maboma, asamangopezeka kwa okhawo a m'tauni amene ali ndi ndalama zogulira.

Kwa owerenga amene angakumane ndi munthu akugwa: malovu ake sapatsira matenda, mkodzo wake supatsira, ngakhale mphweya umene angatulutse supatsira. Ndikunena izi chifukwa ndinalandirapo mayi amene anagwera pamoto akuphika, anthu ataima patali akungokuwa, mpaka mwana wake wamng'ono ndi amene anamukoka mwendo. Mukokeni pamoto, m'madzi kapena pamsewu. Muikireni chofewa kumutu, masulani zothina pakhosi, osamupanikiza pansi. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, lilime silimezeka, mungomuthyola mano. Osamumwetsa kanthu, osamufukiza utsi. Kuphupha kukaleka mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke, ndipo khalani naye mpaka atazindikira. Kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangani naye kuchipatala. Zoti munthu akapsa ndi moto ndiye kuti khunyu lake silingachirenso ndi bodza. Ndaona opsa ambiri atasiya kugwa. Kunyumba asamaothe moto yekha, asamapite yekha kumtsinje kapena pachitsime chosatseka, asamakwere mtengo kapena denga, azigona mokwanira ndipo mowa ausiye. Kusukulu apite. Abusa ndi mashehe apemphere naye, ine sindinaletsepo munthu kupemphera, koma amene amauza wodwala kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro adzabwere adzaone wodi ya opsa.

Mu May 2022 msonkhano waukulu wa mayiko a mu WHO unavomereza dongosolo la zaka 10 la khunyu ndi matenda ena a ubongo, ndipo chimodzi mwa zolinga zake n'chakuti pofika 2031 dziko lililonse likhale litawonjezera ndi theka chiwerengero cha odwala khunyu amene akulandira chithandizo, poyerekeza ndi 2021. Malawi ndi membala wa bungwe limeneli. Zaka zikutha. Pempho langa kwa ophunzitsa makiliniko ofesala, ma medical assistant ndi anamwino n'lakuti wophunzira asatuluke asanadziwe kufunsa mboni ya kugwa. Kwa oyendetsa zipatala, wodwala khunyu wobwera koyamba apatsidwe nthawi yake, asaonedwe pamzere wa malungo pamene aliyense amapatsidwa mphindi ziwiri. Ndipo kwa aphungu, makhansala ndi makomiti a zipatala amene amakonda kuyendera mawodi n'kujambulitsa, ulendo wotsatira mukalowe kufamase. Mukapemphe khadi la phenobarbitone, la carbamazepine ndi la sodium valproate, muwerenge miyezi imene yalembedwa ziro chaka chathachi, ndipo chiwerengerocho mukachinene ku khonsolo ndi ku Nyumba ya Malamulo.

Ine wanu,
Kiliniko ofesala wopuma ntchito